Kulumikiza Marauta Awiri Popanda Nthambo m'Mapiri a Dowa ndi Ntchisi

Nkhani ya lero ikunena za vuto limene mabanja, masukulu, zipatala zazing'ono ndi eni masitolo akukumana nalo m'maboma a Dowa ndi Ntchisi, ndiponso m'madera ena onse a mapiri m'dziko muno. Vutoli ndi la intaneti imene imagwira bwino m'chipinda chimodzi, koma munthu akangotuluka panja n'kuzungulira kuseri kwa nyumba, imazimirira ngati utsi.

Munthu woyenda mumsewu wochokera ku Lilongwe kupita ku Kasungu, podutsa pa Mponela ndi pa Madisi, amaona dziko loyalana bwino. Koma akapatukira cha kum'mawa, ku boma la Dowa, ku Kongwe ndi ku Mvera, kapena akakwera kupita ku Ntchisi mpaka kufika m'tsinde mwa nkhalango ya phiri la Ntchisi, dziko limasintha. Kumeneko nyumba ina imakhala pachitunda, inzake kutsetse, yachitatu m'chigwa m'mbali mwa dimba. Mafunde ochokera ku nsanja za mafoni amafika bwino pa nyumba ya pamtunda, koma ya m'chigwa amaidumpha pamwamba. N'chifukwa chake sichachilendo kuona munthu ataima pachulu, dzanja lili m'mwamba, kudikira kuti uthenga wake upite.

Pofuna kuthana ndi vutoli, anthu ena adagula kachipangizo kotchedwa rauta. Rauta yofala m'madera a kumudzi ndi imene amaikamo SIM khadi ya TNM kapena ya Airtel. Ntchito yake ndi iwiri. Imalandira intaneti kuchokera ku nsanja ya kampani, kenaka imaigawa kwa mafoni ndi makompyuta a pakhomo kudzera m'mafunde ena ofooka otchedwa Wi-Fi. Mafunde a Wi-Fi adapangidwa kuti azigwira ntchito pafupi. M'nyumba, kawirikawiri amayenda mamita 20 kapena 30, ndipo pabwalo popanda chotchinga amatha kufika mamita 100. Tsono pasukulu pamene rauta ili mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu, aphunzitsi okhala m'nyumba za kumapeto kwa mzere sapindula nayo. Pachipatala pamene rauta ili m'chipinda cholemberamo odwala, namwino wa kuchipinda cha amayi oyembekezera amayenera kusiya ntchito yake kuti akatumize lipoti. Kugula rauta ina ya SIM khadi yakeyake kukutanthauza kugula mabandulo awiri mwezi ndi mwezi, ndipo pamalo a m'chigwa ngakhale rauta yatsopanoyo siingapeze nsanja.

Njira yotsika mtengo ndi kupeza rauta yachiwiri yopanda SIM khadi ndi kuiuza kuti izimvetsera yoyamba ija ndi kubwereza mafunde ake. Njirayi imagwira ntchito ndithu, koma ambiri amene adaiyesa adakhumudwa chifukwa chosadziwa mfundo imodzi imene ndiyo mutu wa nkhani yonseyi.

Rauta yachiwiri imangobwereza zimene yamva

Makolo a m'mapiri amenewa ankaidziwa bwino mfundoyi mafoni asanabwere. Kukagwa zovuta m'mudzi, kapena mfumu ikafuna kusonkhanitsa anthu, munthu ankakwera pamalo okwera n'kufuula. Wina wa kutsidya la mtsinje akamva, ankatembenuka n'kufuulira a kuseri kwa phiri. Munthu wachiwiriyu analibe uthenga wakewake. Akaima pamene mawu a woyamba akumveka bwino, uthenga unkafika wathunthu. Akaima patali kwambiri, ankamva zidutswa zokha, ndipo ngakhale akhale wa mawu amphamvu chotani, a kuseri kwa phiri ankalandira zidutswa zomwezo.

Rauta yachiwiri ili ngati munthu ameneyu. Cholakwa chimene anthu ambiri amachita ndi kuiika m'chipinda chenichenicho chimene intaneti siifikako. Akatero, foni imaonetsa timizere tonse ta Wi-Fi todzaza, pakuti foniyo ikumva bwino rauta imene ili nayo pafupi, koma tsamba lililonse limakana kutseguka. Mwini nyumba amaganiza kuti adamugulitsa katundu wakufa, pamene vuto ndi lakuti rauta yachiwiriyo siikumva yoyamba. Malo ake oyenera ndi cha pakati, pamene mafunde a yoyamba akadali ndi mphamvu.

Kupeza malo amenewa sikufuna katswiri. Munthu atenge foni yolumikizidwa ku rauta yoyamba, ayende nayo pang'onopang'ono kulowera kumene akufuna kuti intaneti ifike, uku akuonera kanema waufupi. Pamene kanemayo wayamba kudukizaduka, ndiye kuti wapitirira. Abwerere m'mbuyo mpaka pamene kanemayo akuyenda mosadodoma, ndipo rauta yachiwiri ikhale pamenepo, pamwamba, makamaka pawindo loyang'anana ndi rauta yoyamba.

Zimene zimatchinga mafunde

Marauta a pakhomo amagwiritsa ntchito mafunde a mitundu iwiri, imene pabokosi imalembedwa kuti 2.4 GHz ndi 5 GHz. Funde limodzi la 2.4 GHz ndi lotalika pafupifupi masentimita 12 okha, pamene la wailesi ya FM ndi lotalika pafupifupi mamita atatu. Ichi ndicho chifukwa chake wailesi imamveka ngakhale kukhitchini ya kuseri, koma Wi-Fi amalephera. Mafunde aafupi chotere amayenda molunjika ngati kuwala kwa tochi, ndipo kukhota pa chinthu chachikulu kumawavuta.

Adani ake ndi odziwika. Malata amabweza mafunde monga momwe galasi limabwezera kuwala, motero rauta yoikidwa m'sitolo ya malata okhaokha, kapena kuseri kwa chitseko chachitsulo, imakhala ngati yatsekeredwa m'mgolo. Khoma la njerwa zootcha kapena la zidina limamwa gawo la mphamvu ya mafunde, ndipo makoma atatu kapena anayi otsatizana amaimaliza. Madzi nawonso amamwa mafunde amenewa, ndipo madzi ali ponseponse: m'thanki, m'masamba a mitengo, ngakhale m'matupi a anthu odzaza m'kalasi.

Pa nkhani ya masamba, alimi a ku Dowa ndi ku Ntchisi ayenera kuganizira nyengo. Marauta olumikizidwa mu Okutobala, minda ili mbee, angagwire ntchito bwino kwambiri. Pofika mu Febuluwale, chimanga cha pakati pa nyumba ziwirizo chapitirira msinkhu wa munthu, nthochi zatambasuka, makoma anyowa, ndipo kulumikizana kuja kwayamba kuduka popanda amene wakhudza chilichonse. Mtengo wa mango ndi wa bulugamu umatchinga chaka chonse. Msangu wokha ndi umene umachita zosiyana, pakuti umayoyola masamba nthawi ya dzinja ndi kuphukanso m'chilimwe. Wanzeru amasankha malo akulingalira mmene padzaonekere mwezi woipitsitsa pa chaka.

Palinso china chimene akatswiri amachidziwa. Sikokwanira kuti marauta awiri azionana kudzera pa kampata kakang'ono pakati pa mitengo. Mafunde amayenda m'njira yotupa pakati ngati chipwete, ndipo njirayo imafuna danga kuzungulira. Pa mtunda wa mamita 200, danga lofunika pakatikati ndi pafupifupi mita imodzi ndi theka mbali zonse. Pa mtunda wa kilomita imodzi, danga lofunika limapitirira mamita atatu. N'chifukwa chake kukweza rauta ndi mita imodzi kapena awiri nthawi zambiri kumathandiza kuposa kugula ina yokwera mtengo.

Phiri ndi mdani, komanso ndi bwenzi

Phiri likakhala pakati pa nyumba ziwiri, palibe rauta ya m'sitolo imene ingalibowole. Koma phiri lomwelo limasanduka bwenzi kwa amene waima pamwamba pake, ndipo umboni wake ulipo.

M'chaka cha 2006, katswiri wina dzina lake Ermanno Pietrosemoli ndi anzake adatenga marauta awiri wamba a mtundu wa Linksys, onga amene anthu amagula kuti aike m'nyumba, nawalumikiza ku mbale zikuluzikulu zonga za kanema. Imodzi adaiika pa phiri lalitali la El Águila m'dziko la Venezuela, ndipo inayo adaiika pa mtunda wa makilomita 279. Marautawo adamvana. Mphamvu yawo inali yochepa monga ya rauta ina iliyonse, koma pakati pawo panalibe chotchinga, ndipo mbale zija zinkasonkhanitsa mafunde onse kuti aloze mbali imodzi.

Nzeru yomweyi idafika kuno ku Malawi. M'chaka cha 2008, akatswiri a bungwe la ICTP la mumzinda wa Trieste ku Italy, mogwirizana ndi sukulu ya ukachenjede ya zachipatala ya College of Medicine, adalumikiza Blantyre ndi Mangochi popanda nthambo, mtunda wa makilomita 162. Sadayese kulumpha mtunda wonsewo kamodzi. Mafunde adachoka mumzinda kupita pa phiri la Mpingwe, kuchoka pa Mpingwe kupita pamwamba pa phiri la Zomba, ndipo kuchoka pa Zomba adatsikira ku Mangochi. Malo alionse ankaona anzake otsatira. Zipangizo zawo zinali zamphamvu kuposa za pakhomo, koma lamulo lake linali lomwe lija la wofuula ndi womubwereza.

M'boma la Dowa momwemo muli chitsanzo china. Pa msasa wa anthu othawa kwawo wa Dzaleka, umene udatsegulidwa mu 1994, bungwe la UNHCR ndi kampani ya Microsoft zidabweretsa intaneti ya Wi-Fi m'chaka cha 2017, pamodzi ndi malo ophunzitsira achinyamata kulemba mapulogalamu a pa foni ndi pa kompyuta. Malo okhala anthu masauzande ambiri ngati amenewo sangakwaniritsidwe ndi chipangizo chimodzi. Ntchito yotere imatheka pokhapokha intaneti ikalowera pamalo amodzi n'kumapatsiridwa kuchoka pa chipangizo china kupita pa chinzake. Zimene banja lingachite ndi marauta awiri ndi ntchito yomweyo pa muyeso waung'ono.

Phunziro lake kwa anthu a m'mapiri ndi ili: rauta ya SIM khadi ikhale pa nyumba imene imaona nsanja ya mafoni, ngakhale nyumbayo isakhale ya mwini rauta, ndipo yachiwiri ikhale pamene imaona yoyamba. Nyumba ziwirizo zikatalikirana kupitirira mamita 100, marauta wamba sakwanira. Pamenepo pamafunika tizipangizo tiwiri ta panja tokhala ndi eriyo yoloza mbali imodzi, tomangirira pa milongoti n'kuyang'anitsana. Timeneti tingathe kulumikiza nyumba zotalikirana makilomita angapo, malinga ngati zikuonana.

Kakonzedwe kake

Asanapereke ndalama m'sitolo, wogula afunse ngati rautayo ili ndi njira yobwereza mafunde a rauta ina, pakuti si zonse zili nayo. Pabokosi kapena m'kabuku kake, njirayi imalembedwa ndi mayina monga Repeater, Range Extender, Bridge kapena WDS. Safunsa adadya phula. Njira ya WDS makamaka imavuta pakati pa marauta opangidwa ndi makampani osiyana, motero amene angathe agule ya mtundu wofanana ndi imene ali nayo kale.

Ntchito yokonza ichitike marauta onse awiri ali pa tebulo limodzi, ndipo kusamutsa kubwere pambuyo. Rauta iliyonse ili ndi tsamba la makonzedwe limene limatseguka munthu akalemba pa foni kapena pa kompyuta nambala imene ili kunsi kwa rautayo, monga 192.168.0.1, 192.168.1.1 kapena 192.168.8.1.

Poyamba, pa rauta yoyamba, munthu asankhe tchanelo chimodzi chokhazikika m'malo molola rautayo kumasinthasintha yokha. Pa mafunde a 2.4 GHz, matchanelo 1, 6 ndi 11 ndiwo amene sasokonezana. Chachiwiri, pa tsamba la rauta yachiwiri, asankhe njira yobwereza ija, auze rautayo kuti ifufuze, asankhe dzina la rauta yoyamba pa mndandanda umene watuluka, ndipo alembe pasiwedi yake mosaphonya chilembo.

Marauta ambiri atsopano amamaliza okha zotsalazo. Koma pa njira ya WDS pali zinthu zina ziwiri zoti munthu achite ndi manja ake. Rauta yachiwiri ipatsidwe nambala yakeyake ya banja limodzi ndi yoyamba: yoyamba ikakhala 192.168.1.1, yachiwiri ikhale 192.168.1.2. Kenaka pa rauta yachiwiri azimitse gawo lotchedwa DHCP. Gawo limeneli ndi limene limapereka nambala kwa foni iliyonse yolowa pa netiweki, monga kalaliki wopereka manambala kwa anthu a pamzere. Akalaliki akakhala awiri pa mzere umodzi, aliyense akupereka manambala ake, chisokonezo sichilephera. Wopereka manambala akhale mmodzi, ndiye rauta yoyamba.

Masiku oyamba n'kwabwino kupatsa rauta yachiwiri dzina losiyana pang'ono ndi la yoyamba, kuti munthu azidziwa imene foni yake yagwira, ndipo vuto likabuka adziwe kumene lili.

Mtengo wobisika

Njira imeneyi ili ndi mtengo wake umene wogulitsa sanena kawirikawiri. Rauta yokhala ndi mtundu umodzi wa mafunde siingathe kumva ndi kulankhula nthawi imodzi. Imamva kaye, kenaka n'kubwereza, monga womasulira m'tchalitchi amene amachititsa ulaliki wa theka la ola kutenga ola lathunthu. Choncho liwiro la Wi-Fi kuseri kwa rauta yachiwiri limatsika pafupifupi ndi theka, ndipo kuwonjezera yachitatu pa mzere womwewo kumalitsitsanso. Pa mauthenga a WhatsApp ndi kutumiza malipoti, kutsikaku sikuoneka kwenikweni. Marauta okhala ndi mitundu yonse iwiri ya mafunde amachepetsa vutoli, pakuti angathe kulankhulana okhaokha pa 5 GHz ndi kusiyira mafoni 2.4 GHz, ngakhale kuti mafunde a 5 GHz amafooka msanga akakumana ndi khoma.

N'koyeneranso kunena mosabisa kuti pamene nthambo ingadutse, nthambo ndiyo yabwino koposa. Waya wa netiweki amanyamula intaneti mpaka mamita 100 popanda kutaya liwiro, ndipo sasamala za chimanga kapena malata. Njira yopanda nthambo ndi ya pamene pali msewu, mtsinje, munda wa eni ake, kapena nyumba ya lendi imene mwini wake salola kubowola khoma.

Magetsi nawo ndi nkhani. Rauta yoyamba ikazima, yachiwiri imasanduka bubu ngakhale nyali zake zikuyaka. Mwayi wake ndi wakuti rauta imadya magetsi ochepa, kawirikawiri osapitirira mawati 10, ndipo zambiri zimayendera mavoti 12, motero sola yaing'ono ndi batire zimakwanira. Komabe munthu awerenge kaye zolembedwa kunsi kwake, chifukwa zina zimafuna mavoti 9 kapena 5 ndipo zimapsa zikalandira opitirira. Rauta ya m'nyumba ikaikidwa panja, ikhale pansi pa khonde kapena m'chigubu cha pulasitiki chobowola kunsi kuti mpweya uzilowa, osati m'chitini. Ndipo popeza mphezi imakonda malo okwera, mlongoti wachitsulo ukhale ndi waya wokhuthala wolowa pansi m'nthaka, ndipo mvula ya mabingu ikayamba, zipangizo zonse zizulidwe ku magetsi.

Chitseko ndi pangano

Mafunde akafika patali, amafikanso kwa anthu amene sadaitanidwe. Marauta onse awiri akhale ndi pasiwedi yaitali, yosakhala dzina la mwana kapena chaka chobadwa, ndipo loko wake akhale wa mtundu wa WPA2, umene udayamba mu 2004, kapena WPA3 wa mu 2018. Loko wakale wotchedwa WEP adapezeka kalekale kuti ndi wosavuta kuthyola. Pasiwedi ya tsamba la makonzedwe nayonso isinthidwe, chifukwa imene rauta imabwera nayo kuchokera ku fakitale imadziwika ndi aliyense.

Nkhaniyi ndi yaikulu kuposa kutha kwa bandulo. Kuyambira mu 2018, SIM khadi iliyonse m'dziko muno imalembetsedwa m'dzina la mwini wake. Munthu wina akachita zachinyengo kudzera pa rauta ya eni ake, dzina loyamba kupezeka ndi la mwini SIM khadi. Lamulo la m'chaka cha 2016 lokhudza malonda a pa intaneti ndi chitetezo cha makompyuta limaletsa kulowa m'makina a munthu wina popanda chilolezo, motero kulozetsa rauta ku Wi-Fi ya mnansi mwakabisira ndi mlandu. Ndipo amene akufuna kusandutsa ntchitoyi bizinesi yogulitsa intaneti kwa anthu ayambe wafunsa ku MACRA, bungwe loyang'anira za mauthenga, pakuti malonda otere amayendera chiphaso.

Chotsiriza ndi chimene chimadanitsa abale. Rauta yachiwiri imatalikitsa mafunde, koma siichulukitsa bandulo. Mtsuko ndi womwewo, omwa ndiwo achuluka. Bandulo imene inkatha mwezi pa nyumba imodzi ingathe m'sabata imodzi pa nyumba zitatu, makamaka ngati ena akuonera mafilimu ndi mpira, kapena mafoni awo akudzikonza okha usiku. Nkhanga zidapangana kusanapse. Mabanja kapena aphunzitsi ogawana intaneti agwirizane chiyambire za amene asunge pasiwedi, ndalama imene aliyense azisonkha, tsiku losonkha, ndi amene adzakonzetse chipangizo chikawonongeka. Panganolo lilembedwe m'kope, monga amachitira a m'magulu a banki m'khonde.

Omvera amene akulingalira zoyesa njira imeneyi ayambe ndi ntchito yosalira ndalama. Aime pa nyumba imene intaneti imagwira, ayang'ane kumene akufuna kuti ifike, aone mitengo, madenga ndi zitunda zimene zili pakati, ndipo ayende ndi foni m'manja kufufuza pamene mafunde akuthera. Akapeza malo amene akuona mbali zonse ziwiri, ndiye apite kusitolo. Nkhani ya lero yathera pamenepa.